Kumanga kompresa ndi thanki ya mpweya m'galimoto ya 4x4

Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, misewu yolowera ku nyanja ya Chilwa, ya m'midzi ya ku Chingale ndi ija ya m'nkhalango pamwamba pa phiri la Zomba siyendeka ndi matayala olimba gwa. Dalaivala wodziwa ntchito amaphwetsako matayala kuti aponde malo aakulu, galimoto n'kudutsa pamakande osakumba. Mavuto amayamba potuluka. Mukafika pa tala matayala ali pa 1.4 bar n'kuthamanga nawo, m'mbali mwake mumapindikapindika, mumatentha, ndipo tayala lodula limaonongekera m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Malo opopera ali m'tauni, inu muli ku Kachulu. Mankhwala ake ndi kukhala ndi mpweya wanuwanu m'galimoto momwemo: kompresa yomangirira, thanki yaing'ono, ndi paipi yofika pa matayala onse anayi.

Wodziwa kugwira sipanala ndi kulumikiza mawaya atha kumaliza ntchitoyi Loweruka limodzi, bola zida zonse zikhale zitagulidwa kale.

Yambani ndi masamu musanagule kanthu

Tayala la 265/70R16, lomwe lili pa ma Prado, Pajero ndi Hilux ambiri, m'kati mwake muli malo a malita pafupifupi 60. Kukweza presha yake ndi 1 bar kumafuna malita ena 60 a mpweya tikupumawu. Ndiye kuchoka pa 1.2 bar kufika pa 2.4 bar ndi malita 72 pa tayala limodzi, pafupifupi 290 pa onse anayi. Ngati geji yanu imawerenga psi, dziwani kuti 1 bar ndi 14.5 psi.

Tsopano onani thanki. Ya malita 10 yodzaza mpaka 10 bar imasiya kupereka mpweya presha yake ikafanana ndi ya m'tayala. Kuchoka pa 10 kufika pa 2.4 bar ndi malita 76. Ndi tayala limodzi basi, atatu otsalawo ndi ntchito ya kompresa. Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama: amasaka thanki yaikulu, n'kugula kompresa yofooka ndi waya wotchipa. Chopopa matayala ndi kompresa ndi magetsi oifikira. Thanki ntchito yake ndi kupereka mpweya wambiri kamodzi, monga pobwezera tayala lomwe latsika pa limu, pophulitsa fumbi, poliza hutala ya mpweya, komanso kusunga womwe kompresa ikupopa pamene mukuchoka pa tayala ili kupita pa linalo.

Nambala yaikulu yolembedwa pa katoni ya kompresa ndi ya pamene ikupopera pamtetete, popanda chokankha. Inu funsani malita omwe imapereka pamphindi presha ili pa 2 bar. Mwachitsanzo, kompresa ya ARB CKMA12 imapereka malita pafupifupi 75 popanda presha koma pafupifupi 62 pa 2 bar. Kompresa iliyonse yopereka 50 kapena 60 pa 2 bar imamaliza matayala anayi aja m'mphindi zosakwana khumi. Tija tolumikiza pa soketi yoyatsira fodya tisiyireni magalimoto aang'ono: soketiyo fyuzi yake ndi ya 10 kapena 15 A, ndipo palibe kompresa yamphamvu ingakhute pamenepo.

Nambala ina yoyenera kuiona ndi duty cycle. Ikalembedwa 33%, ndiye kuti ikayenda mphindi 15 ipume 30. Ya 100% imayenda osapuma, koma pa presha ndi kutentha komwe anayesera opanga, osati dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Chilwa. Pamwamba pa phiri napo, pomwe nsonga zina zimapitirira mamita 2,000, mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, kotero kompresa yomweyo imachedwerapo. Si kuonongeka ayi.

Musanalipire, onani ngati galimoto yanu ndi ya 12 V kapena 24 V. Ma Land Cruiser ena a dizilo ochokera ku Japan ndi a 24 V, ndipo kompresa, relay (swichi yotsegulidwa ndi magetsi ochepa kuti idutsitse magetsi ambiri) ndi kagetsi ka pa swichi ziyenera kufanana ndi magetsi a galimotoyo.

Pali njira ina yogwiritsa ntchito kompresa ya AC, ija yoziziritsa m'galimoto, yozungulitsidwa ndi lamba wa injini. Imapereka mpweya wochuluka kuposa yamagetsi. Ya mtundu wa York 210 ili ndi mosungira oyilo mwakemwake, pomwe za mtundu wa Sanden zimafuna kuzidyetsa oyilo polowera mpweya n'kumusefanso potulukira, apo ayi zimakakamira. Imafunanso bulaketi yowotcherera mowongoka bwino kuti lamba asamadyeke. Pano tikamba za yamagetsi.

Zofunika kugula

Kupatula kompresa, mufunika thanki ya malita 4 mpaka 10, paipi yaifupi yokutidwa ndi mawaya achitsulo yotulukira pa kompresa, check valve yoletsa mpweya kubwerera, swichi ya presha yoyatsa ndi kuzimitsa kompresa yokha, safety valve yotulutsa mpweya presha ikapyola malire, kampopi kotayira madzi, geji, ball valve imodzi (mpopi wotsekera mpweya), quick coupler (polumikizira paipi yopopera mwachangu) imodzi kapena ziwiri, paipi ya nayiloni ya 8 kapena 10 mm, mtundu womwe umagwira ntchito pa mabuleki a mathiraki, ndi zolumikizira zake, paipi ya labala yopopera ya mamita 6 mpaka 8 yokhala ndi kamutu kodzigwira kokha pa valavu ya tayala. Kumbali ya magetsi: waya wokhuthala wofiira ndi wakuda, fyuzi yaikulu ndi chogwirira chake, relay ya 40 A, swichi ya pa dashibodi, fyuzi ya 5 A, waya wa 1.5 mm², ma lug (timitu tachitsulo ta kunsonga za waya) ndi heat shrink (kapaipi kovala pa waya kamene kamafota kakatenthedwa). Zimene simungazipeze m'tauni ya Zomba mukazisake ku Limbe, makamaka m'masitolo ogulitsa zida za mathiraki.

Zida zitatu ziyenera kugwirizana manambala, motsatana chonchi: swichi ya presha izidula pansi pa malire a kompresa, safety valve izitseguka pamwamba pang'ono pa pomwe swichi imadulira, ndipo thanki ikhale yopirira kuposa safety valve. Swichi yoyatsa pa 110 psi n'kudula pa 145 psi imayenda ndi kompresa ya 150 psi, safety valve ya 175 psi ndi thanki yolembedwa 200 psi. Koma ife timakonda swichi ya 85/105 psi, yoyatsa pa 85 n'kudula pa 105, ndi safety valve ya 125 psi kapena chapompo. Tayala longa la 265/70R16 lija silifuna zoposa 3 bar, ndipo ma psi 40 omalizawo ndi omwe amatenthetsa kompresa kwambiri pomwe mpweya wolowa uli wochepetsetsa.

Gawo loyamba: thanki

Mpweya wopanikizidwa ndi woopsa kuposa momwe umaonekera. Thanki ikang'ambika siyidontha ngati ndowa, imaphulika n'kumwaza zitsulo. Choncho silinda ya gasi wophikira, botolo lotayidwa la gasi wa mufiriji, chozimitsira moto chadzimbiri ndi paipi ya PVC yotsekedwa mbali zonse, zonsezi ayi. PVC ikaphulika imasweka tizidutswa takuthwa.

Thanki ya mabuleki a thiraki yogula kwa ogulitsa zida zakale ndi yabwino ikakhala yamoyo. Tsegulani mabowo onse, unikani m'kati ndi tochi, igwedezeni mumve ngati mukulira dzimbiri. Gogodani pansi pake ndi kahamala, chifukwa ndi pomwe madzi ankakhala zaka zonsezo. Ikakhala ndi malo ofewa, opindika kapena owotchereredwa kale, isiyeni. Mathiraki ambiri amayendera presha ya cha m'ma 8 bar, ndiye thanki yotereyi muiphatikize ndi swichi ya 85/105, osati ya 145.

Kuiyesa kwake ndi madzi, osati mpweya. Idzazeni madzi mpaka pakamwa, osasiya mpata wa mpweya, tsekani mabowo, ikani geji, kenako kwezani presha ndi pampu yoyesera mapaipi ija ya mapulambala mpaka ifike kamodzi ndi theka pa presha yomwe izigwirira ntchito. Ya 7 bar muiyese pa 10.5 bar, ikhale choncho mphindi khumi geji osatsika. Madzi sapanikizika, kotero thanki ikalephera imangotuluka kamadzi. Mukamaliza iumitseni bwino.

Pomangirira, malo abwino ndi m'kati mwa chasisi, pamwamba pa mzere wa pansi pa chasisiyo kuti miyala ya njira yopita ku Chingwe's Hole isaigunde, kutali ndi ekizozi ndi shafiti. Bowo lotayira madzi liyang'ane pansi penipeni, ndipo dzanja lizifikapo osakwawa kwambiri. Kampopi kovuta kufikako sikatsegulidwa. Imangeni ndi malamba awiri achitsulo, labala pakati pa lamba ndi thanki, mabawuti a 8 mm kapena 10 mm ndi manati osamasuka okha. Gwiritsani ntchito mabowo omwe ali kale pa chasisi. Wowotcherera asakhudze thupi la thanki, ngakhale akulonjezeni chotani; bulaketi aiwotcherere payokha.

Gawo lachiwiri: pokhala kompresa

Pansi pa boneti ndi pafupi ndi batire, waya amakhala wamfupi, koma ndi potentha. Mukasankha pamenepo, ikhale mbali yosiyana ndi ekizozi ndi turbo, pamwamba, poti pamadutsa mphepo. Pansi pa mpando ndi pozizira ndiponso paukhondo, koma phokoso lake ndi lalikulu ndipo mutu wa kompresa umatentha mokwanira kusungunula kapeti ndi zikwama za pulasitiki. Musiye mpata wa masentimita 5 kapena kuposa mbali zonse. Kumbuyo kwa pikapu nkwabwino ikakhala m'bokosi la mabowo opumira, koma waya amatalika, ndipo muona m'munsimu chomwe utaliwo umachita. Pansi pa galimoto ndi malo omaliza kuwaganizira kwa munthu woyenda m'matope a Januwale.

Kompresa iimirire monga opanga ananenera, pa miyendo yake ya labala. Musamange mabawuti mpaka labala kuphwatalala, chifukwa akatero sagwiranso kunjenjemera ndipo bulaketi imathetheka. Musanaboole bodi, suzumirani kuseri kwake. Kumakhala mawaya, mapaipi a buleki ndi a mafuta. Bowo lililonse mulipake penti.

Chofunika kwambiri pano ndi polowera mpweya. Kompresa zamagetsizi zilibe oyilo m'silinda, pisitoni imadalira ringi yake youma. Fumbi lofiira la chilimwe likalowamo limapala ringiyo ndi khoma la silinda, ndipo pakatha miyezi kompresa imangolira osakweza presha. Chotsani kafyuluta kake, lumikizani paipi yosachepera kukula kwa bowolo, kafyulutako mukakaike pamalo okwera, ouma, monga m'kati mwa kabini kapena kumtunda kwa khoma lolekanitsa injini ndi kabini. Paipiyi ikhale yaifupi ndi yosapindika.

Gawo lachitatu: mapaipi

Mzere wake ndi uwu: kompresa, paipi yachitsulo, check valve, kenako manifold, yomwe ndi kachitsulo ka mabowo angapo. Pa manifold pakhale swichi ya presha, geji, paipi yopita ku quick coupler, ndi paipi yopita ku thanki kudzera pa ball valve. Safety valve ikhale pa thanki penipeni, popanda mpopi uliwonse pakati pake ndi thankiyo. Ngati mwaika ball valve yotsekera thanki, ikaninso safety valve yachiwiri pa manifold, chifukwa mukatseka thanki kompresa imatsala yopanda chitetezo. Ubwino wa ball valve ndi woti thanki ikabooka kutchire mumangoitseka n'kupitiriza kupopa matayala.

Mpweya wotuluka pa mutu wa kompresa umapitirira madigiri 100. Nayiloni ikayambira pamenepo imafewa, kufufuma, n'kuphulika pa tayala lachitatu. N'chifukwa chake theka la mita loyamba liyenera kukhala paipi yachitsulo ija kapena ya mkuwa. Check valve ili ndi kamuvi pathupi pake, kaloze kuthanki.

Nkhani ya mazinga yazunza anthu ambiri. Zida zochokera ku America nthawi zambiri zili ndi mazinga a NPT, pomwe zambiri zogulitsidwa kuno ndi za BSP. Pamaso zimafanana. Koma pa saizi ya 1/4, NPT ili ndi mazinga 18 pa inchi, BSP 19. Zimalowana kawiri kapena katatu kenako n'kulimba, munthu n'kuganiza kuti zagwira, akakakamiza ndi sipanala mutu wa aluminiyamu wa kompresa umang'aluka. Popita kusitolo nyamulani chida chenichenicho mukayezere komweko. Cholumikizira choyenera chimalowa ndi zala maulendo angapo mosavuta. Zikasiyana gulani adaputa.

Thread tape, tepi yokulunga pa mazinga kuti mpweya usachuche, muzungulize katatu kapena kanayi, kutsata mbali yomangira, ndipo zinga loyamba mulisiye lopanda kanthu. Kachidutswa ka tepi kakathothokera m'kati kamakakhala pa check valve, mpweya n'kumabwerera. Mangani ndi zala, kenako sipanala kamodzi ndi theka kapena kawiri. Zolumikizira zokhala ndi labala kapena washala wake sizifuna tepi.

Nayiloni muidule mowongoka ndi mpeni wakuthwa, osati pulayala yomwe imaiphwanya kukamwa. Ikankheni m'cholumikizira mpaka mumve yafika, kenako muikoke kuti mutsimikize. Iyende m'mbali mwa chasisi, yomangidwa pa masentimita 30 kapena 40 alionse, kutali ndi ekizozi ndi masentimita osachepera 15, ndipo podutsa pa chitsulo chakuthwa muiveke kapaipi ka labala. Pakati pa bodi ndi chasisi siyani kautali kosewera popeza ziwirizi zimagwedezeka mosiyana. Musalumikize kalikonse ku mapaipi a mabuleki a galimoto.

Quick coupler muiike pomwe matope safika, monga m'mbali mwa chitseko cha kumbuyo kapena pansi pa boneti, ndipo muivundikire ndi kachipewa ka labala.

Gawo lachinayi: mawaya

Chotsani kaye mutu wa negative pa batire.

Kompresa ya mutu umodzi imakoka 20 mpaka 35 A, ya mitu iwiri imapitirira 50 A. Waya aliyense amadyako magetsi panjira, ndipo mungawerengere nokha: 0.0175 kuchulukitsa ndi utali wonse wa waya m'mamita, kupita ndi kubwera, kugawa ndi kukhuthala kwake mu mm², kuchulukitsanso ndi ma amp. Tinene kuti kompresa ili mamita 4 kuchokera pa batire, ndiye waya yense ndi mamita 8, ndipo ikukoka 30 A. Waya wa 2.5 mm² amataya pafupifupi 1.7 V. Wa 6 mm² amataya 0.7 V, wa 10 mm² 0.4 V, wa 16 mm² osakwana 0.3 V. Magetsi otayikawo amasanduka kutentha m'wayamo, mota imayenda mofooka, imavutika kudzuka thanki ikakhala ndi presha, ndipo mota yovutika kudzuka ndi yomwe imapsereza fyuzi. Ndiye pansi pa boneti 6 mm² ikwana, pansi pa mpando 10 mm², kumbuyo kwa pikapu 16 mm².

Pogula waya, musakhulupirire kunenepa kwa chikopa chake. Sendani kansonga muone mkuwa uli m'katimo, ndipo palani kachingwe kamodzi ndi mpeni. Kakaoneka koyera m'kati, ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa, ndipo amafuna kukhala wokhuthala kwambiri kuti anyamule magetsi omwewo. Mawaya ambiri ogulitsidwa ngati a zoimbira za m'galimoto ndi otere.

Waya wofiira achoke pa positive ya batire n'kulowa mu fyuzi yaikulu pasanathe masentimita 20 kapena 30. Fyuziyi ikuteteza waya, ndiye ikakhala kutali, gawo lonse lapakatilo likakhudza bodi limayaka popanda choletsa. Kukula kwake tsatirani opanga kompresa; kwa zambiri za mutu umodzi ndi 40 A. Kuchoka pa fyuzi, waya apite pa phini yolembedwa 30 pa relay, ndipo kuchoka pa phini 87 apite ku positive ya kompresa. Waya wakuda, wokhuthala chimodzimodzi, abwerere ku negative ya batire. Kungoumangira pa bawuti ya bodi yadzimbiri ndi kubweza vuto lomwe mwalithawa pogula waya wabwino. Kompresa ya mitu iwiri imafuna relay ndi fyuzi pa mota iliyonse.

Mbali yolamulira imayenda ndi waya wa 1.5 mm². Tengani magetsi pamalo omwe amayaka pokhapokha kiyi atatsegulidwa, adutse pa fyuzi ya 5 A, pa swichi ya pa dashibodi, pa swichi ya presha, n'kukathera pa phini 86. Phini 85 ipite ku negative. Mukatenga magetsiwa molunjika ku batire, kabowo kakang'ono kakachucha usiku kompresa izidzuka yokha mpaka m'mawa mupeze batire lafa. Ndipo musadutsitse magetsi a mota pa swichi ya presha kapena ya pa dashibodi kuti mupewe kugula relay. Timano take timapsa n'kumatirira.

Ma lug muwafinye ndi chofinyira chenicheni, osati kumenya ndi hamala, kenako heat shrink. Kokani mwamphamvu lug iliyonse. Podutsa khoma la injini waya adutse pa labala wa pabowo, ndipo utali wonse akhale m'kapaipi kotetezera. Relay muiike mapini ake atayang'ana pansi kuti madzi asadikhemo.

Gawo lachisanu: kuyesa

Bwezerani negative, lizani injini, tsegulani kampopi kotayira madzi, yatsani swichi. Kompresa iyende mphindi imodzi ikuuzira kunja kuti zinyalala za m'mapaipi zituluke. Tsekani kampopi, maso pa geji, chala pa swichi. Iyenera kuzima yokha pa nambala ya swichi ya presha. Ikapitirira, zimitsani msanga muonenso mawaya. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono muone ngati ikudzuka pa nambala yam'munsi. Kokani kamphete ka safety valve kamodzi mumve kuti ikutsegula n'kutsekanso.

Ikuyenda choncho, yezani magetsi pa batire ndi pa kompresa penipeni. Kusiyana kukaposa theka la volt, pali waya wochepa kapena polumikiza pofooka. Gwirani ma lug ndi chogwirira fyuzi. Potentha ndi pomwe pali vuto.

Kenako sungunulani sopo m'madzi, pakani pa cholumikizira chilichonse ndi kaburashi. Pochucha pamatupa thovu. Pokonza, tulutsani kaye mpweya wonse. Geji ikatsika pang'ono m'mphindi zoyamba kompresa itangozima, ndi mpweya ukuzizira. Lembani nambala yake madzulo, muonenso m'mawa.

Panjira

Popopa, injini ikhale ikulira nthawi zonse. Alternator imakweza magetsi kufika cha m'ma 14 V, kompresa imathamanga, batire silitha. Musachite izi m'garaja yotseka chifukwa cha utsi.

Galimoto yosalemedwa kwambiri imayenda bwino pa 1.8 bar pamsewu wa miyala ndi mabampu, 1.4 mpaka 1.6 m'matope, 1.0 mpaka 1.2 pamchenga wofewa. Ikasenza katundu onjezerani. Pansi pa 1 bar tayala limatha kutsika pa limu mukakhota mwamphamvu. Matayala akakhala ophwetsedwa yendani pang'onopang'ono, ndipo mupope musanakwere tala. Presha yobwezera ndi yolembedwa pa chimata cha pa khomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto. Tayala lotentha limawerenga mokwererapo, ndiye mudzayezenso likazizira. Geji imanama pamene mpweya ukulowa, muziimitsa kaye n'kuwerenga.

Eni ma Land Cruiser a malimu ogawika, aja a 7.50R16 okhala ndi chubu, asamale kawiri. Mukaphwetsa kwambiri tayala limaterereka pa limu n'kudula valavu ya chubu. Ndipo popopa tayala lomwe linaphweratu, mphete ya limu ikakhala kuti sinakhale bwino imatha kufwamphuka ndi mphamvu yopha munthu. Gwiritsani ntchito kamutu kodzigwira kokha, imani chapambali kutali, osati moyang'anizana ndi mphete.

Tayala lopanda chubu likatsika pa limu, kwezani galimoto ndi jeke, tsukani matope pa mkombero, pakani madzi a sopo, chotsani kapini ka m'valavu kuti mpweya ulowe wambiri, ndipo muupereke kuchokera mu thanki yodzaza. Lamba womangira katundu wozunguliza pakati pa tayala amathandiza kukankhira milomo yake ku limu. Mummasule mpweya ukangoyamba kugwira. Zala zisakhale pakati pa tayala ndi limu. Musapitirire 40 psi pofuna kuti likhale; likakana, phwetsani muyambirenso. Zothira petulo n'kuyatsa machesi zija si luso, anthu apsa nazo nkhope.

Mpweya wa kompresa musaulozetse pa khungu, m'khutu kapena pa mwana, ngakhale mongocheza.

Zikavuta

Madzi ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku. Mpweya wa Zomba nyengo ya mvula ndi wachinyezi, ukapanikizidwa n'kuzizira mu thanki chinyezicho chimasanduka madzi. Tsegulani kampopi mukatha kugwiritsa ntchito, presha ikadalimo pang'ono kuti iwakankhe. Akatuluka ofiirira, dzimbiri layamba. Paipi yopopera ikamalavula madzi m'tayala, ndiye kuti mwakhalitsa osataya.

Kompresa ikazima yokha pakati pa ntchito n'kudzukanso patapita mphindi zingapo, ndi chitetezo chake cha kutentha. Tsegulani boneti, ipumitseni, ndipo ganizirani zoisamutsa. Musaithire madzi.

Ikamadzuka yokha pafupipafupi popanda amene akutenga mpweya, pali pochucha. Sopo akapanda kuonetsa kanthu, ikani khutu pa kafyuluta kolowera mpweya itangozima. Mukamva kupuma, check valve siikutseka. Imasuleni, nthawi zambiri mupezamo kachidutswa ka tepi kapena kamchenga.

Ikamalira koma geji osakwera, tsekani ball valve. Presha ikakwera msanga, vuto lili ku thanki kapena paipi yake. Ikapanda kukwera, onani fyuluta ngati yatsekeka, kenako ringi ya pisitoni ndi timavalavu topyapyala ta m'mutu. Kompresa za mayina odziwika zimakhala ndi zida zosinthira, ndipo n'chifukwa china chogulira yotero.

Fyuzi ikamapsa podzuka, musaike yaikulu kuposa, ndipo musamangepo waya. Yezani magetsi ofika pa mota, onani negative, onaninso ngati check valve ikubweza presha pa pisitoni. Relay ikamangoti thethethe osagwira, magetsi a pa phini 86 ndi ochepa kapena phini 85 sinagwire bwino. Ikakana kuzima mpaka safety valve kulira ngakhale mwazimitsa swichi, relay yamatirira m'kati: zulani fyuzi yaikulu. Relay ina, mafyuzi awiri, kapaipi ka nayiloni ka theka la mita ndi zolumikizira zowongoka ziwiri zizikhala m'bokosi la zida, ndipo mabawuti a thanki ndi a kompresa muziwaona nthawi iliyonse mukusintha oyilo.